Nyemba 100 Patebulo: Mmene Ndinamvetsera Nkhani ya Mitundu ndi Ndale

Kwa miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikulowa m'kalasi ya phunziro la mitundu ya anthu ndi mikangano ya ndale, n'kumatulukamo mutu uli wolemera kuposa mmene ndinaloweramo, ndipo ndi Lachinayi la sabata yatha pamene chinthu chimene chinali chitanditsamwa chinatsika. Ndikulemba izi mtima utakhala pansi, komanso ndikufulumira kuti ndilembe ndisanaiwale njira imene ndadzera, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu amene tikuphunzira limodzi mukadali pamalo pamene ine ndinaima nthawi yonseyi.

Sindibwereza zimene tonse tinakopera m'makope m'masabata oyambirira. Mayina atatu aja, primordialism, instrumentalism ndi constructivism, aliyense wa ife angawatchule ngakhale atamudzutsa pakati pa usiku, ndipo tonse tikudziwa kuti loyamba limaika mtundu m'magazi, lachiwiri limauika m'manja mwa andale, pamene lachitatu limati unachita kuumbidwa ndi mbiri. Kuloweza sikunandivute. Chimene chinandisokoneza n'chakuti ndinkawaona maganizo atatuwa ngati zipani pa pepala lovotera, moti wophunzira ayenera kuchonga chimodzi n'kukana zinazo, ndipo nthawi iliyonse ndikachonga chimodzi, nkhani ina ya kwathu inkadzuka n'kunditsutsa.

Amayi anga ndi Achewa a ku Mchinji, ndipo monga mabanja ambiri a m'mbali mwa malire, tili ndi abale mbali zonse ziwiri. Atsibweni anga aakulu anakhazikika ku Chipata kalekale, ndipo anakwatira mayi wa Chitumbuka wochokera ku Lundazi. Chibadwire changa sindinamvepo munthu wa m'banja mwathu akutchula mtundu wa mayiwo ngati nkhani yofunika kuikhalira pansi. Timangowadziwa kuti ndi akazi a atsibweni, amene amatilandira ndi madzi osamba ndi nsima yotentha tikaoloka pa Mwami. Koma pamene mchemwali wanga, mwana wa amayi aakulu, anabwera ndi mnyamata wa ku Rumphi amene anadziwana naye ku Lilongwe, akuluakulu anakhala pakhonde katatu konse, ndipo dzina lakuti Mtumbuka linkatchulidwa motsitsa mawu, anthu akuyang'ana pansi. Banja ndi lomwelo, mitundu iwiri ndi yomweyo, ndipo kuchoka pa boma la Mchinji kukafika ku Chipata sipakwana n'komwe makilomita 50. Ngati mtundu uli m'magazi, ukwati wa atsibweni ukanavutanso chimodzimodzi. Ngati uli chida cha andale basi, ndi wandale uti amene anakhala nawo pakhonde paja? Ndipo ngati unaumbidwa ndi mbiri, zinatheka bwanji kuti dothi limodzi litulutse mbiya ziwiri zosiyana chonchi?

Kwa kanthawi ndinathawira kwa Fredrik Barth, katswiri wa ku Norway amene mu 1969 analangiza kuti tisamathere nthawi pa katundu wa chikhalidwe amene ali mkati mwa mpanda, koma tiziyang'ana mpandawo: amaumanga ndani, amaukonza ndani ukagwa, ndipo amaloledwa kudutsa pachipata ndani. M'buku limene iye anasonkhanitsa chaka chimenecho muli nkhani ya Gunnar Haaland yonena za alimi a mtundu wa Fur ku Darfur, amene akachulukitsa ng'ombe ankasiya minda n'kuyamba moyo woyendayenda ndi ziweto, ndipo m'kupita kwa nthawi ankasanduka a mtundu wa Baggara. Anthu ankaoloka, koma mpanda unkakhalabe chiimire. Izi zinandikumbutsa Angoni a ku Ntcheu, amene lero amalankhula Chichewa ndipo makolo a ambiri a iwo anali anthu amene Angoni anawapeza kapena kuwatenga m'njira, komabe amadzitcha Angoni ndi mtima wonse ndipo amavina ngoma monyadira. Ndinavomereza kuti Barth akunena zoona, koma sanandiuze chifukwa chake mpanda wina umakhala waminga pamene wina ndi waudzu woti mwana angathe kubowola ndi dzanja.

Kenako ndinafika pa Leroy Vail ndi Landeg White, amene mu 1989 analemba za mbiri ya kusankhana mitundu m'Malawi muno, ndipo masamba awo ndinawawerenga kawiri chifukwa ankanena za malo amene ndimawadziwa. Iwo anasonyeza mmene sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene inakhazikika ku Khondowe mu 1894, zinatulutsira aphunzitsi, abusa ndi makalaliki amene analemba mbiri ya Atumbuka moikweza, n'kuthandiza kuti ufumu wa Chikulamayembe udzutsidwenso mu 1907. Anasonyezanso mmene anthu ochokera ku Mozambique, amene ankalowa m'magulumagulu kudzagwira ntchito m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, ankaitanidwa ndi dzina lonyoza, mpaka pamene ophunzira a pakati pawo, motsogozedwa ndi Lewis Bandawe, anakhazikitsa bungwe mu 1943 n'kumenyera kuti onse azidziwika kuti ndi Alomwe. Ndinasangalala kwambiri, ndipo kwa sabata ziwiri ndinkayankha funso lililonse m'kalasi ndi mawu akuti zonse zinachita kuumbidwa. Koma usiku ndikagona funso lija linkabweranso, pakuti kunena kuti chinthu chinaumbidwa sikufotokoza chifukwa chake china chimayaka moto pa nthawi ya chisankho pamene china chimangokhala chozizira, n'kumatulutsidwa pa tsiku la mwambo lokha.

Lachinayi lija magetsi anazima cha m'ma 7 koloko madzulo, ndipo popeza sindikanatha kupitiriza kulemba pa kompyuta, ndinatsegula pa foni nkhani imene inali kumapeto kwenikweni kwa mndandanda wa zowerenga, pansi pa mutu wa zowonjezera kwa amene ali ndi nthawi. Inali ya Daniel Posner, yosindikizidwa mu 2004, ndipo funso lake ndi lomwe lija la pakhonde pathu: n'chifukwa chiyani Achewa ndi Atumbuka amagwirizana ku Zambia koma amakokana ku Malawi? Mu 2001 iye anachita kafukufuku m'midzi inayi ya m'mbali mwa malire, iwiri ya Achewa ndi iwiri ya Atumbuka, mwakuti mtundu uliwonse unali ndi mudzi wina mbali ya Malawi ndi wina mbali ya Zambia. Midzi ya Achewa inali ya kwa Mkanda, kuno ndi kutsidya, ndipo nditaona dzina limeneli ndinadzuka pamphasa n'kukhala tsonga, chifukwa kwa Mkanda ndi ku Mchinji kwathu konkuja. Mfundo yake inali yakuti malire amenewa, amene amatsata mtunda wolekanitsa madzi opita ku Luangwa ndi madzi opita ku nyanja ya Malawi, anajambulidwa ndi atsamunda mosaganizira za mitundu, choncho anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi m'chikhalidwe, ndipo ngati akusiyana m'maganizo, chowasiyanitsa tiyenera kuchifuna m'mayiko amene anagweramo.

Anthu 180 anafunsidwa. Pa funso lakuti Mchewa amasiyana bwanji ndi Mtumbuka, mbali zonse zinatchula zinthu zomwezo zimene ife tomwe tingatchule: chilankhulo, gule wamkulu ndi vimbuza, chikamwini ndi malowolo, ana kutsata kuchikazi kapena kuchimuna. A ku Zambia sanali osadziwa kusiyana kumeneku. Koma atafunsidwa ngati anthu a mtundu wawo angavotere munthu wa mtundu winawo kukhala mtsogoleri wa dziko, ku Malawi anthu 61 pa 100 alionse anati ayi, pamene ku Zambia anali 21 okha. Pa funso la ukwati, oposa theka la a ku Malawi anati sangakwatirane ndi wa mtundu winawo, pamene ku Zambia amene anatero anali ngati mmodzi mwa anayi.

Yankho la Posner ndinaliwerenga katatu osalimva, mpaka pamene ndinatenga thumba la nyemba limene amayi ananditumizira, n'kuyatsa kandulo, n'kuwerenga nyemba 100 patebulo. Ndinati awa ndi Amalawi. Potsata ziwerengero zimene iye anagwiritsa ntchito, ndinakokera pambali nyemba 28 za Achewa, ndi kwina nyemba 12 za Atumbuka. Milu iwiriyi inali yooneka, ndipo maso anga anangoona okha kuti munthu wofuna kulamulira tebulo lonse akhoza kuyamba ndi mulu wa 28 uja n'kungofuna owonjezera, ndiponso kuti mulu wa 12 ndi wokwanira kuti wina aimepo n'kumakambirana ndi anzake ali ndi mphamvu. Kenako ndinasakaniza zonse n'kunena kuti tsopano awa ndi a ku Zambia. Ndinakoka nyemba 7 za Achewa ndi 4 za Atumbuka. Zinali tinyemba tochepa pakona pa tebulo, kandulo akuwalira mulu waukulu wotsala pakati. Palibe wandale wanzeru zake amene angapite ku Lundazi kukauza nyemba 7 kuti mdani wawo ndi nyemba 4, chifukwa ngakhale atazitenga zonse 7 sangafike nazo kulikonse. Chimene angachite ndi kuzikankhira pamodzi, n'kuwonjezerapo Ansenga, Angoni a kwa Mpezeni ndi Akunda, n'kuwauza kuti inu nonse ndinu a kum'mawa. Ndinazikankhiradi pamodzi ndi chala, ndipo pomwepo ndinakumbukira mawu amene ndinkawamva ku Chipata osawaganizira, akuti umodzi kum'mawa.

Apa ndi pamene mutu wanga unatseguka. Kusiyana kwa chikhalidwe kulipodi, ndipo palibe chifukwa chokukana kapena kukutcha bodza la atsamunda; chikamwini ndi malowolo si zinthu zopeka. Koma munthu aliyense amanyamula mayina ambiri nthawi imodzi, la mfunda, la mudzi, la mtundu, la chilankhulo, la mpingo, la boma, la chigawo, ndipo dzina limene limadzuka pa ndale ndi limene limamuika m'gulu la msinkhu wothandiza pa bwalo limene akupikisanapo. Kukula kwa gululo sikuyezedwa palokha, kumayezedwa poyerekeza ndi bwalo. Atumbuka a ku Lundazi ndi a ku Rumphi ndi amodzi, koma wina waima pa bwalo limene iye ndi nyemba 4, ndipo wina pa bwalo limene iye ndi nyemba 12. Nditazindikira izi ndinaona kuti maganizo atatu aja sakulimbirana mpando umodzi, chifukwa akuyankha mafunso osiyana. Mbiri imatiuza kumene mayinawo anachokera, Clifford Geertz, katswiri amene makope athu amamugwirizanitsa ndi ganizo la magazi lija, amatiuza chifukwa chake eniake amawamva ngati achibadwa, ndipo nyemba zimatiuza dzina limene lidzaitanidwe pa msonkhano wa chipani. Ndiyeneranso kunena kuti Geertz tinamulakwira m'makope athu, chifukwa m'nkhani yake ya 1963 iye ankanena za mmene anthu amaonera maubale amenewa, osati kuti magazi pawokha ali ndi mphamvu yokokera anthu ku nkhondo.

Chinandikhutiritsa koposa n'chakuti ganizoli limagwiranso ntchito bwalo likasintha anthu ali omwewo. M'buku lake la 2005 Posner anasonyeza kuti ku Zambia, m'zaka za chipani chimodzi cha UNIP kuyambira 1973 mpaka 1991, mpikisano weniweni unali wa phungu m'dera lake, choncho anthu ankagawana potsata mitundu ing'onoing'ono ya m'deralo. Koma zipani zambiri zitabwerera ndipo maso onse atatembenukira ku mpando wa pulezidenti, anthu omwewo anayamba kudziwerengera m'magulu akuluakulu a zilankhulo, Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chimene timachiona tsiku ndi tsiku. Mu Lilongwe kapena mu Blantyre munthu aliyense wochokera kumpoto amatchedwa Mtumbuka kapena wakwithu, kaya ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, Mnkhonde wa ku Karonga, Mlambya wa ku Chitipa kapena Mngoni wa ku Mzimba, chikhalirecho anthu amenewa akakhala kwawo amadziwa bwino lomwe kusiyana kwawo ndipo ali ndi mikangano yawoyawo ya maufumu ndi malo. Pa chisankho cha pa 17 May 1994 mapu a dziko anagawika patatu monga momwe zigawo zilili: Bakili Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 alionse makamaka kummwera, Kamuzu Banda 33 makamaka pakati, ndipo Chakufwa Chihana 19 makamaka kumpoto. Kummwera kumene kuli Ayao, Alomwe, Asena ndi Amang'anja, amene amasiyana chilankhulo ngakhale chipembedzo, kunavota ngati mulu umodzi. Ngakhale ziwerengero zimene zimasuntha potengera amene wajambula mzere, pakuti kalembera wa 2018 anapeza Achewa 34 ndi Atumbuka 9 pa anthu 100 alionse, ndipo sindikuona kuti zimenezi zikugwetsa mfundoyi.

Njira imene Posner anagwiritsa ntchito yandilowa mumtima kotero kuti ndikuona ngati palibe ina yoposa. Kwa zaka zambiri akatswiri akhala akukangana m'mabuku aakuluakulu, wina akutola zitsanzo zomukomera ku Sri Lanka, wina ku Nigeria, pamene malire a atsamunda anatikonzera kale malo oyesera: anthu amodzi, odulidwa pakati, n'kuikidwa m'mayiko awiri. Edward Miguel anachitanso zofanana ndi izi mu 2004 poyerekeza dera la Busia ku Kenya ndi la Meatu ku Tanzania, n'kupeza kuti kuchuluka kwa mitundu kunkasokoneza zopereka za sukulu ku Kenya koma osati ku Tanzania. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanati wophunzira aliyense wa chaka chomaliza atumizidwe kumalire ndi kope ndi mafunso asanu. Tili ndi Ayao ku Mangochi ndi ku Niassa, Alomwe ku Phalombe ndi ku Zambézia, Asena ku Nsanje ndi ku Mutarara, Angoni ku Ntcheu ndi ku Angónia, Ankhonde ku Karonga ndi abale awo a ku Kyela. Dziko lathu ndi lalitali ndi lopyapyala, moti pafupifupi mtundu uliwonse uli ndi theka lake kutsidya, ndipo ndikukhulupirira kuti pa zaka zisanu tikanayankha mafunso amene ena akhala akulimbana nawo kuyambira tisanabadwe. Ngakhale mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a mayiko atatu amasonkhana chaka ndi chaka pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndi mwayi woti munthu afunse funso limodzi kwa anthu amodzi ochokera m'mabwalo atatu a ndale.

Ndikaganiza za miyezi itatu imene yapita, mtima umandipweteka. Aphunzitsi athu ndi munthu wodziwa zinthu ndipo ndimawalemekeza, koma anathera masabata asanu akutiwerengera matanthauzo kuti tizilemba liwu ndi liwu, zitsanzo zonse zikuchokera ku Yugoslavia, ku Northern Ireland ndi ku Sri Lanka, pamene nkhani yokamba za kwa Mkanda inaponyedwa kumapeto kwa pepala ngati chinthu chosafunika. Tsiku lina mnzathu wina anakweza mkono n'kufunsa ngati tingakambirane za kasankhidwe ka ophunzira a ku yunivesite potsata maboma, ndipo anayankhidwa kuti nkhani zotere zimadzutsa mitima ndipo nthawi yatha. M'kalasi muja muli anthu a zigawo zonse zitatu, ndipo ndikumvetsa mantha a aphunzitsi, koma ngati sitingathe kukambirana nkhaniyi mwaulemu m'chipinda chophunziriramo, tidzakaikambirana kuti, pa Facebook usiku wa zotsatira za chisankho? Buku lalikulu la Donald Horowitz la 1985, limene likutchulidwa pa tsamba lililonse la makope athu, mulaibulale muli limodzi lokha ndipo amene analibwereka mwezi woyamba sanalibwezebe. Teremu inafupikitsidwa, maphunziro ena anayi akufunanso zolemba zawo sabata imodzimodzi, ndipo bandulo ya intaneti imatha munthu usanatsitse ngakhale nkhani zitatu. Tikuphunzira mothamanga ngati tikuthawa mvula, ndipo zinthu zofunika kuziganizira mofatsa tikungozidutsa.

Lachisanu m'mawa ndinafotokozera mnzanga wa ku Mzimba zonsezi, nyemba zili m'thumba la malaya, ndipo iye anandimvetsera mpaka kumapeto asanandibweze pang'ono. Anati masamu ako ndi abwino, koma waiwala zimene anthu anaona ndi maso. Mu 1968 Chinyanja chinasinthidwa dzina kukhala Chichewa n'kukwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kuti abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo ambiri amene anakwezedwa m'malole anali a kumpoto. Iye anati bambo ake aang'ono anali mmodzi wa iwo, ndipo mpaka lero amakumbukira mmene anagulitsira mbuzi ndi mipando motchipa chifukwa panalibe malo m'galimoto. Kenneth Kaunda, mtsogoleri wa Zambia pa nthawiyo, mbali inayo, ankalalikira za Zambia mmodzi ndi mtundu umodzi, n'kumagawa maudindo mosamala pakati pa zigawo. Mnzangayo anafunsa kuti, kodi anthu a m'midzi ija ankayankha potsata kuchuluka kwawo, kapena potsata mabala? Ndinamuyankha monga Posner mwini amayankhira, kuti tiyenera kufunsa chifukwa chake mtsogoleri wina anaona kuti kukweza Uchewa kumupindulira pamene mnzake sakanapindula pokweza mtundu wa nyemba 7. Ndikuganizabe kuti yankholi lili ndi mphamvu, koma ndili mkati molankhula ndinamva kuti mawu anga ndi opepuka poyerekeza ndi mbuzi zija, ndipo ndinazindikiranso kuti mayiko awiri amasiyana m'zinthu zambiri kuposa kukula kwa magulu, moti midzi inayi singathe kuzilekanitsa zonse.

Palinso chaka cha 2009, chimene chimandivuta kuchiika patebulo. Bingu wa Mutharika, amene anali atangothandiza kukhazikitsa Mulhako wa Alhomwe, anapambana ndi mavoti 66 pa 100 alionse, n'kukolola kwambiri m'zigawo zonse zitatu, kumpoto komwe. Kukula kwa mitundu sikunasinthe pakati pa 2004 ndi 2009. Chimene chinasintha chinali chimanga m'nkhokwe, makuponi a feteleza atayamba. Karen Ferree ndi Jeremy Horowitz analemba za kusinthaku mu 2010, ndipo zikuonetsa kuti anthu amatha kuika dzina la chigawo pambali akaona chifukwa china chovotera. Koma mu 2014 mizere yakale inaonekeranso, ndipo khoti litagamula mu February 2020 kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, zipani zinathamangira kupanga migwirizano yodutsa zigawo, zimene zikugwirizana ndendende ndi ganizo lakuti lamulo likasintha, msinkhu wa gulu lothandiza umasinthanso. Choncho chaka china chimanditsutsa ndipo china chimandivomereza.

Chimene chikundilemera kwambiri ndi chiwawa, pakuti phunziro lathu ndi la mikangano, osati la mavoti okha. James Fearon ndi David Laitin anasonyeza mu 1996 kuti tikawerenga mitundu yonse yoyandikana mu Africa, imene inamenyanapo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene imakhala mwamtendere, ndipo mu 2003 anapeza kuti kuchuluka kwa mitundu pakokha sikulosera nkhondo yapachiweniweni monga mmene umphawi ndi kufooka kwa boma zimachitira. Izi zimanditonthoza. Koma ku Rwanda mu 1994 anthu olankhula chilankhulo chimodzi, okhala pa mapiri amodzi ndi opemphera m'matchalitchi amodzi anaphana m'masiku ngati 100, ndipo chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi anthu 800,000. Ku Kenya chitatha chisankho cha December 2007 anafa anthu oposa 1,000. Ngakhale kuno, chitatha chisankho cha 1999 mizikiti ina inaotchedwa kumpoto. Nyemba zingandiuze mzere umene andale adzajambule, koma sizindiuza chimene chimachitika mumtima mwa munthu pamene akunyamula chikwanje kulowera kunyumba ya mnansi amene dzulo anabwerekana naye mchere. Pamenepa ndikuona kuti mwina Horowitz, ndi nkhani zake za mantha ndi ulemu wa gulu, ali ndi zimene ndikufunika, ndikadzalipeza bukulo.

Ndiye ndikubwereranso pakhonde paja. Ndayesa kukumbukira zimene zinanenedwa masiku atatu aja, ndipo sindikukumbukira aliyense akutchula chipani kapena mavoti. Agogo aakazi ankangobwereza funso limodzi, kuti anawo adzakhala a yani, chifukwa kwathu ana ndi a mbumba ya amayi awo ndipo mwinimbumba ndi atsibweni, pamene kumene ankapita mchemwali wangayo malowolo akaperekedwa ana amakhala a kuchimuna. Nkhawa imeneyo ndi yeniyeni ndipo inalipo kale zipani zisanabwere. Koma funso lofanana nalo liyenera kuti linaliponso ku Chipata pamene atsibweni ankakwatira, chifukwa nakonso miyambo iwiriyi inakumana, ndipo silinasanduke mpanda waminga. Kodi ndale za ku Lilongwe zinalowa bwanji m'mawu a agogo amene sanapitepo pa msonkhano wa chipani chilichonse chiyambire 1994, ngati zinalowamodi? Mwina zinadzera pa wailesi, mwina m'nkhani za ana awo ogwira ntchito m'tauni, mwina sizinalowemo n'komwe ndipo ine ndikukakamiza banja langa kuti likwane m'nkhani imene ndaikonda. Mayeso atsala ndi masabata awiri, ndipo pa pepala ndidzalemba za kukula kwa gulu ndi kukula kwa bwalo, chifukwa zimenezo ndazimvetsa ndipo ndingathe kuziteteza. Za pakhonde ndikufuna ndikafunse atsibweni ndi akazi awo ndikaoloka pa Khirisimasi, ngakhale sindinapezebe mawu oyambira funsolo popanda kuwachititsa kuganiza kuti pali vuto limene iwo sanalionepo.